Chingerezi cha Masozi, Masamu a Ruvimbo

Masozi ndi mwana wa malemu mkulu wanga. Ndinalipo tsiku limene anabadwa m'komboni momwe muno, papulazi ya fodya kufupi ndi Centenary, ndipo mpaka lero timakhala benchi imodzi m'shedi, kusankha fodya kuyambira m'mawa mpaka maso atayamba kuona masamba onse ngati amodzi. Ndiye ndikamanena za iye musandifunse kuti ndinamva kwa yani. Iye amandiitana mainini, monga achitira anzathu achishona. Ine ndimangoti Masozi, ngakhale pano ndi mayi wa ana awiri woyenera kumutchula kuti amake Nyasha.

Ife a m'komboni tinali anthu opanda mapepala. Makolo athu anabwera wapansi kuchokera ku Dedza, ena ku Tete, anagwira ntchito, anabereka, anafa, tinawaika kuseri kwa mabani owotchera fodya, boma osadziwa n'komwe kuti kunali anthu otero. Bambo ake a Masozi, a Elifasi Kalino, anapita kangapo kuofesi kukafuna pepala la kubadwa la mwana wawo. Uko ankawauza kuti abwere ndi chitupa cha mayi wa mwana. Mayi wa mwana analibe. Ndiye akuti bwerani ndi kalata ya mfumu ya kwanu. Kwathu kuti, abale inu? Papulazi pali mfumu? A Elifasi anatopa, nsapato zinatha, anangozisiya.

Koma mwana anali ndi mutu. Kusukulu ya papulazi ankawasiya anzake kutali, ndipo madzulo ankawerengera bambo ake malangizo a pamabotolo a mankhwala opopera fodya. Atafika giredi seveni, ahedi ananena mosabisa kuti wopanda pepala la kubadwa salemba mayeso. Mkulu wanga analira ngati pagwa maliro.

Amene anamupukuta misozi anali amake Ruvimbo, mkazi wa a Jealous Gwatidzo oyendetsa thirakitala. Iwo ndi Ashona, koma ndi mkulu wanga anali pa usahwira. Amene simudziwa sahwira, ndi mnzako woposa mbale. Amalowa m'khola mwako n'kugwira nkhuku osapempha, amakunyoza pagulu iwe n'kumaseka, ndipo ukafa ndi amene amakusambitsa. Iye sakukaniza kanthu, iwenso sumukaniza kanthu. Mwana wawo Ruvimbo anali msinkhu umodzi ndi Masozi, koma anali atasiya sukulu n'kupita kwa agogo ake kumidzi ya ku Mount Darwin kukathandiza kulima. Pepala lake linangokhala m'sutikesi.

"Tengani, asahwira," anatero amake Ruvimbo. "Pepala silidya sadza. Mwana alembe."

Musatiweruze msanga. Theka la komboni linkachita zomwezo. Panali nyumba ina pepala limodzi linaphunzitsa ana a mabanja atatu, wina akamaliza kapena kulephera, wina n'kulowamo. Palibe amene ankaona kuti ndi kuba. Tinkaona ngati kubwerekana khasu. Ine ndemwe ndinaimba nthungululu tsiku limenelo, ndipo a Elifasi anawagulira a Jealous mowa.

Kuyambira pamenepo kunyumba anali Masozi, kusukulu anali Ruvimbo Gwatidzo. Anakhoza giredi seveni, anapita kusekondale, mtunda woti ine ndikayenda ndimagona masiku awiri. Inali nthawi ija mapulazi ankalandidwa. Mzungu mwini pulazi anachoka, ntchito inaima, ena anathamangitsidwa, ife tinatsala m'komboni kudya maungu ndi kuchita maricho, maganyu aja a m'minda ya eni atsopano. Mwana sanasiye. Pa fomu folo anakhoza Masamu, Sayansi, Chishona ndi Jogalafe. Chingerezi chinamugwetsa. Ndipo kuno ukhoza kukhoza zonse za padziko lapansi, koma popanda Chingerezi uli ngati ngolo yopanda ng'ombe. Amafuna maphunziro asanu, chimodzi mwa iwo chikhale chimenecho.

Tinkati abwereza chaka chotsatira. Chaka chotsatira mayi ake anadwala n'kumwalira. Kenaka a Elifasi. Kenaka anakwatiwa ndi Simao, mnyamata wa banja la ku Tete, amene anapita kokumba golide ku Shamva ndipo amabwera ngati mvula ya chilimwe. A Gwatidzo nawo anasamukira kwawo. Masozi anabwera kudzakhala pambali panga m'shedi, satifiketi ija ataikulunga m'pepala la pulasitiki pansi pa sutikesi.

Ntchito yosankha fodya si yolemera m'manja, koma imadya munthu pang'onopang'ono. Umatenga tsamba, umaliona mtundu, utali ndi mawanga, umaliponya pamulu wake, umatenga lina. Fumbi lake limalowa m'mphuno, m'maso, m'chifuwa. Masozi anayamba kutsokomola chifuwa chouma chimene chimabwera nyengo yosankha ikayamba n'kuchoka ikatha. Ndipo nyumba ya m'komboni si yako. Ukasiya kugwira ntchito ya mwini pulazi, foromani amabwera kudzafunsa kuti uchoka liti.

Malamulo atasintha n'kunena kuti ifenso obadwira kuno ndife anthu a dziko lino, a zitupa anabwera ndi matenti awo pabwalo la sukulu. Tinaima pamzere dzuwa likutiwotcha. Masozi anatuluka ndi chitupa cholembedwa Masozi Kalino, nkhope yake ili pamenepo, maso atatong'ola ngati waona njoka. Anachipsompsona, anachionetsa aliyense, ngakhale ana osadziwa kuwerenga. "Mainini, ndilipo tsopano," anatero. Ine ndinalira, sindibisa.

Chitupacho n'chimene chinamupatsa mtima. Kuno kwathu munthu akadwala, Masozi ndiye ankamuperekeza kuchipatala cha mishoni, chifukwa amamva zimene anamwino akunena ndipo saopa magazi. Tsiku la sikelo ya ana ankathandiza kulemba. Asisitere oyang'anira chipatalacho, mayi wamtali wofatsa, anamuona. Anamuuza kuti chaka chikubwerachi adzatenga amayi ochepa kukawaphunzitsa ntchito yothandiza anamwino, ndipo ophunzirawo amapatsidwa chipinda pamishoni pomwepo. Chofunika ndi maphunziro asanu aja. "Pita ukachigwetse Chingerezicho, malo ndikusungira," anatero asisitere.

Ndiye mwamva chimene chinali pamaso pake: kutuluka m'fumbi la fodya, ndi chitseko choti foromani sangagogode.

Anapita kwa a Sixpence, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakhala kuseri kwa sitolo, ndipo anagwirizana kuti azimuphunzitsa Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. A Sixpence ndi munthu wabwino, koma ali ndi nkhondo imodzi pamoyo wawo. Adani awo ndi timawu ting'onoting'ono tija Azungu amaika patsogolo pa malo. Tsiku lina ndinamuperekeza ndipo ndinaona ndekha. Masozi anali atalemba kuti "I went to there." Akuluwo anagwira kumutu ngati alandira uthenga wa imfa.

"Mwana wa Elifasi, kachidutswa aka ukukapititsa kuti? Mawu akuti there anameza kale ku wake, ali naye m'mimba. Iwe ukumusenzetsanso wina pamutu. I went there. Basi, wamaliza, khala pansi."

Masozi anavomera. Pamzere wotsatira panali "come to here." Pansi pake "wait at outside." Kumapeto "I am going to home." Cholembera chofiira chinkangodula, kudula, mpaka tsamba lonse linaoneka ngati pophera nkhuku.

Pobwerera anali wokhumudwa. "Mainini, ndikati ndikupita kusukulu, akuti ndiike to. Ndikati ndikupita kunyumba, akuti ndichotse. Ku Harare ndiike. Kunja ndichotse. Ndidziwa bwanji ine?"

"Ukundifunsa ine?" ndinatero. "Chilankhulo chanji chimenecho choumira chonchi? Ife timati kuno, uko, panja, m'kati, kumudzi, chilichonse chili ndi ku wake, pa wake, mu wake, ndipo palibe anamangidwapo. Iwowo kamawu kamodzi akuchita kukawerengera ngati shuga wa alendo!"

Anaseka, koma sanagonje. Anabwera nazo m'shedi. Akatenga tsamba ankanong'ona: "Put it there." Akaitana wonyamula mitolo: "Bring it here." Fumbi likamukwana: "I am going outside." Amayi anzathu anamupatsa dzina loti Madamu. Akamalowa m'mawa wina ankakuwa kuti, "Imirirani, Madamu afika, tiyi ali kuti?" Foromani anamuuza kuti Chizungu sichimanga belo. Iye ankangomwetulira, milomo ikuyendabe. Ngakhale ine ndinazolowera, moti tsiku lina ndinathamangitsa galu wa eni ake m'Chingerezi, galuyo n'kumveradi.

Si timawu tokhato ayi. Panali kulemba nkhani, kulemba kalata, kufupikitsa ndime yaitali. Ankawerenga atabereka mwana kumbuyo, mphika uli pamoto. Koma timawu timeneti ndi timene tinkamubwerera ngati nsikidzi, chifukwa munthu ukaganiza m'Chichewa dzanja limafuna kuika ku penapake.

Ndine ndinafunsa funso lija, nthawi yolembetsa mayeso itafika. Ndinati, "Aphunzitsi, nanga mwanayu alemba ngati yani? Anayi aja ali m'dzina la Ruvimbo."

A Sixpence anavula magalasi. Anati munthu wamkulu wolemba payekha amalowa m'chipinda cha mayeso ndi chitupa chokhala ndi nkhope yake, ndiye kulemba ngati Ruvimbo sikutheka. Ruvimbo weniweni anatenga kale chitupa chake, ndi nkhope yake ndi zala zake. "Alembe m'dzina lake. Akakhoza tidzapita kukalumbira kuti Masozi ndi Ruvimbo ndi munthu mmodzi. Anthu amasintha mayina tsiku ndi tsiku, akazi akakwatiwa sasintha kodi?" Zinamveka zanzeru. Tonse tinkafuna kuti zimveke zanzeru, ndiye palibe anafunsanso.

Analemba mu Novembala, fodya ali m'munda. Foromani anamudula masiku amene anajomba. Zotsatira zitatuluka anapita yekha kukaziona, ndipo ndinamuona akubwera chapatali, akuthamanga, nsapato zili m'manja. Anakhoza. Maiwe, komboni inagwedezeka! Amene ankamunena kuti Madamu ndi amene anayamba kuvina. A Sixpence anabwera atavala jekete, anapempherera chakudya m'Chingerezi chachitali mpaka sadza inazizira.

Lolemba lake tinapita kumishoni tonse awiri. Iye anavala diresi la kutchalitchi. Asisitere anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anatenga mapepala awiri aja n'kuwaika pamodzi patebulo. Anawerenga lina, anawerenga linalo. Anabwereranso pa loyamba.

"Ruvimbo Gwatidzo ndi ndani?"

"Ndine, asisitere."

"Nanga Masozi Kalino?"

"Ndinenso."

Masozi anafotokoza zonse, osabisa kanthu, kuyambira pa a Elifasi ndi nsapato zawo. Ine ndinkathandizira, mwina mopitirira, chifukwa pakamwa panga sipakhala chete. Asisitere anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Bwenzi atakalipa, ndikanapeza poyambira ndewu. Anangoti, "Mwana wanga, ine ndikukukhulupirira. Ndakuona ukugwira ntchito. Koma mapepala awa sathera pano, amapita ku Harare, ndipo kumeneko sakudziwa iwe. Akaona anthu awiri, wina ali ndi anayi, wina ali ndi chimodzi. Palibe amene ali ndi asanu."

Tinapita ndi a Sixpence kwa bambo wolumbiritsa anthu, mtauni. Iyeyo anatimvera theka, kenaka anadzuka n'kukatseka chitseko. Anafunsa motsitsa mawu ngati tikudziwa chimene tikufuna kusainira. Anati tikufuna kulemba ndi dzanja lathu kuti mayi uyu analemba mayeso a boma m'dzina la munthu wina amene ali moyo. Anati umenewo ndi mlandu, ndipo akhoza kulanda mapepala onse awiri, mwinanso kumutsekera, pamodzi ndi amene anabwereketsa. "Pitani kwanu. Ine sindinamve kanthu," anatero. Tinakwera kombi kubwerera kwathu. Potsika a Sixpence, munthu wa mawu ambiri uja, anangoti, "Ndakulakwira, mwana wa Elifasi," n'kumapita osatembenuka.

Njira inatsala imodzi, yoti alembenso anayi aja m'dzina lake. Masamu amene anawasiya ali mtsikana, mabuku anasintha, ana awiri akumudalira, Simao kulibe. Asisitere anati malo sangadikire kupitirira chaka chimenecho, ndipo anatenga mayi wina wa ku tauni. Masozi ankati, "Ndiyesa, mainini," koma ndi mawu a munthu amene akukutonthoza iweyo. M'shedi anasiya kunong'ona. Amayi aja anasiyanso kumutchula Madamu, osauzidwa ndi munthu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunyoza kuja. Ndinapita kwa abusa, anati tipemphere. Ndinapita kwa mkulu wa chigawo chathu, anati abwera adzaone, mpaka lero akubwerabe.

Akuluakulu anati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Ine ndinkaganiza kuti mwambiwo watha pamenepo, watikwana. Sindinadziwe kuti mwini nsalu ali m'njira.

Linali Loweruka masana, nyengo yosankha fodya ili pakati. Tinali pakhomo pa Masozi tikutongola chimanga, ndipo tinaona gogo wina akubwera ndi ndodo, kathumba kali pamutu. Anali amake Ruvimbo. Akalamba, mano atha, koma pakamwa ndi pomwe paja. Asanakhale n'komwe anayamba kundinyoza kuti ndanenepa ngati nkhumba ya Mzungu, ine n'kuwabwezera kuti manda akuwaiwala. Tinaseka, tinakumbatirana, tinalira pokumbukira mkulu wanga. Anatulutsa nzama ndi mtedza m'kathumba muja. Masozi anawaphera nkhuku.

Atadya, anakhala bwino pamphasa n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, mwa Chishona muja. Ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa sahwira sawomba m'manja popempha kanthu kakang'ono.

Anati Ruvimbo ali ku Epworth, ku Harare. Mwamuna wake anamwalira, anamusiyira ana anayi, amagulitsa tomato pamsewu ndipo apolisi a kanselo ya mzinda amamulanda. Tsopano wamva za sukulu ina yophunzitsa kusamalira okalamba, ndipo amene amaliza ena akupita kunja kukagwira ntchito. Sukuluyo sifuna zambiri, maphunziro atatu a fomu folo akwana. Ruvimbo analira kuti iye alibe ngakhale limodzi. Ndiye mayi ake anakumbukira.

"Ndinati usalire, mwanangu, uli nawo. Ali kwa Masozi, akusungira."

Ndinati, "Asahwira, mukuti chiyani? Amene ankayenda mtunda uja ndi yani? Amene ankawerenga ndi njala ndi yani? Ruvimbo wanu anagwirapo buku la Sayansi?"

Gogoyo sanakwiye. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndine ndasokonezeka. "Nanga dzina lili pamenepo ndi la yani? Ukabwereka mbuzi n'kukaberekera kwako, anawo ndi a yani? Ndamva kuti kwa Masozi pepalalo silikugwira ntchito. Likhalirenji m'sutikesi pamene ana a mnzake akugona ndi njala? Pajatu inenso ndinanena chimodzimodzi tsiku lija."

Ndikanati chiyani? Mayi ameneyu ndi amene anasambitsa mtembo wa mkulu wanga, anamumanga nsagwada, anagona pasiwa mpaka tsiku lomaliza. Popanda iye Masozi sakanaponda n'komwe kusekondale. Sanabwere kudzaba, anabwera masana, ndi mtedza, akuwomba m'manja. Ndipo zimene ananena zinali zoona, pepalalo kwa ife linali lakufa. Ndinakwiya, koma woti ndimukwiyire panalibe. Ndinangokhala pamenepo, chitsononkho chili m'manja, ngati chitsiru.

Masozi anadzuka. Anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba. Tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka ndi pulasitiki ija, anagwada monga achitira mwana kwa mayi ake, n'kupereka ndi manja awiri.

"Masozi!" ndinatero.

"Siyani, mainini. Ndi lake."

Gogo analandira, anawombanso m'manja, anamudalitsa iye ndi ana ake ndi mafupa a mayi ake. Kenaka anatulutsa pepalalo m'pulasitiki, analitembenuza uku ndi uku, analigwira chadodolido. Sadziwa kuwerenga. Anamubwezera Masozi.

"Tandiwerengera, mwanangu, kuti ndikamuimbira foni madzulo ano ndimuuze. Wakhoza chiyani ndi chiyani mwana wangayu?"

Masozi analitembenuza bwino. Anatsokomola kaye, chifuwa chija, kenaka anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Chishona anakhoza. Jogalafe anakhoza. Sayansi anakhoza bwino. Masamu anaposa onse a m'kalasi mwake."

"Heya! Masamu?" Gogo anaseka ndi chimwemwe, nkhama zili poyera. "Ruvimbo wanga?"

"Eya, amayi," anatero Masozi, akulipinda bwinobwino kuti lisathyoke m'njira. "Anali wanzeru mwana wanu."